Kompyuta yoti idzakule ndi bizinesi: lipoti la ntchito ya ku Kasungu

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta mumzinda wa Lilongwe. Sindigulitsa, koma nthawi zina makasitomala amandipempha kuti ndiwaperekeze kokagula, ndipo lipoti ili ndi la ulendo umodzi wotere wa mu 2025 ndi zomwe zinatsatira. Mwini nkhani anandilola kulemba bola ndisatchule dzina lawo kapena la shopu yawo. Mashopu omwe tinalowamo sindiwatchulanso. Mitengo ndaisiya dala: chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womwe wamva lero sukhala womwewo mwezi wamawa, choncho ndizingonena gawo la ndalama lomwe chinthu chilichonse chinadya.

Mwini nkhani ndi chomwe chinawabweretsa

Ndi mayi omwe ali ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza pa Kasungu boma. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi makalata ofunsira ntchito, mayeso a masukulu apulaiveti ozungulira, makadi a ukwati, ndi mapulogalamu a maliro omwe amabwera madzulo koma n'kumafunika m'mawa dzuwa lisanatuluke. Amagwiritsa ntchito Word, Excel ndi CorelDRAW. Mwana wawo wamwamuna anali atangolemba mayeso a MSCE, ndipo anali atayamba kujambula makanema a zinkhoswe ndi foni, nthawi zina ndi kamera yobwereka. Iyeyo ankafuna pokonzera makanemawo.

Kompyuta yawo yakale inafa usiku wina magetsi atabwera mwamphamvu atazima tsiku lonse. Anaikweza minibasi n'kubwera nayo kwa ine. Nditaitsegula ndinapeza power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta) itapsa, makapasita a pa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zida zonse zimalumikizidwapo) atatupa ngati mandasi, ndipo purosesa yake, ubongo wa kompyuta, inali yakalekale, ya Core 2 Duo. Hard disk inapulumuka, mafayilo onse ndinawakopera. Ndinawauza kuti kuikonza n'kutaya ndalama.

"Achimwene," anatero mayiwo, "ine ndikufuna yotchipa, koma yoti isandisiye panjira chaka chamawa. Komanso mwanayu akuti ikhale ya i7."

Ndalamayo anatenga ku banki mkhonde, yobweza ndi chiwongoladzanja pa miyezi yowerengeka. Izi zinali ndi tanthauzo pa ntchito yanga. Panalibe mwayi wogula kawiri, komanso tsiku lililonse shopu ili yotseka linali tsiku loti ngongole ikukula popanda cholowa.

Kodi "kudzawonjezera" n'kudzawonjezera chiyani?

Wogulitsa aliyense angakuuzeni kuti kompyuta yake mutha kudzaiwonjezera mphamvu. Mawuwa paokha alibe kanthu mpaka mutadziwa chomwe inuyo mudzawonjezeredi. Ndiye tisananyamuke tinakhala pansi atatu ndi pepala. Mayiwo ankadandaula zoti CorelDRAW imauma akatsegula khadi lokhala ndi zithunzi zambiri: imeneyo ndi nkhani ya RAM, momwe kompyuta imasunga kwakanthawi zomwe zatsegulidwa, ndi disiki yochedwa. Mnyamatayo ankafuna malo osungira makanema, ndipo m'tsogolo graphics card, khadi lothandiza kompyuta pa zithunzi ndi makanema. Kusintha purosesa kunabwera pomaliza. Pa zaka zomwe ndakhala pa ntchitoyi, makasitomala omwe anabwerera kudzasintha purosesa ndi owerengeka. Ambiri amabwera kudzawonjezera RAM kapena kuika SSD, disiki yothamanga kuposa hard disk, ndipo ikafika nthawi yofuna purosesa ina amakhala akufuna kompyuta ina yonse.

Pepalalo linatipatsa zoyang'ana m'bokosi lililonse, lija anthu ambiri amangolitcha CPU: m'badwo wa purosesa, kuchuluka kwa mipata ya RAM ndi mtundu wake, kukhalapo kwa malo olumikizira madisiki otchedwa M.2 ndi SATA, kukula kwa bokosilo, ndi mphamvu ya power supply. Panalinso tsiku lomwe linkatithamangitsa. Microsoft inali italengeza kuti isiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Kompyuta ya shopu yolowetsa mafulashi a anthu osiyanasiyana tsiku lonse siyofunika kukhala pa Windows yomwe yasiya kulandira zigamba za chitetezo.

Njira yomwe mtima wanga unkafuna

Ndikanakhala kuti ndalama ndi yanga, ndikanamanga yatsopano: Ryzen 5 5600G pa motherboard ya B550, bokosi wamba, ndi power supply wamba ya mapini 24. Purosesa imeneyi ili ndi ma core 6, kutanthauza timaubongo 6 togwira ntchito nthawi imodzi, komanso graphics yakeyake yabwino ndithu, moti utha kuyamba wopanda khadi. Soketi yake, malo omwe purosesa imakhala pa motherboard, yotchedwa AM4, yakhala ikunyamula mapurosesa a Ryzen kuyambira 2017, choncho zosinthira zilipo zambiri. Chilichonse m'kompyuta yotere chimazuka n'kulowa china. Wofuna za Intel angachite chimodzimodzi ndi Core i3-12100 pa soketi ya LGA1700, yomwe imalandira m'badwo wa 12, 13 ndi 14.

Nditawerengera zonse, kuphatikizapo bokosi, RAM, SSD ndi layisensi ya Windows, zinafika pafupifupi kawiri ndalama yomwe mayiwo anali nayo. Zida zina zinali zoyitanitsa ku Joni, kudikira milungu, ndipo chimodzi chikafika chakufa, kuchibweza n'nkhani ina. Ndinawafotokozera njirayi kuti adziwe chomwe akusiya, kenako tinaiika pambali. Tinatsala ndi makompyuta ogwiritsidwapo ntchito m'maofesi akunja, aja ena amawatcha a kaunjika. Ubwino wake umodzi womwe anthu saudziwa ndi woti ambiri amabwera ndi layisensi ya Windows yolembedwa kale mu motherboard.

Tsiku logula

Tinayambira ku Old Town m'mawa Lachiwiri. Shopu yoyamba inali ndi yomwe mnyamata ankafuna: chomata cholembedwa Core i7 patsogolo, mtengo wake wotsika kuposa zina zonse. Nditayatsa n'kuona nambala yonse, inali i7-3770. Pa mapurosesa a manambala anayi ngati iyi, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo m'badwo, ndiye iyi inali ya m'badwo wa 3, ya mu 2012, yoyendera DDR3, yopanda malo a M.2, ndipo Windows 11 siivomera. Ndinamuuza mnyamatayo kuti tsabola wakale sawawa. Sanaseke. Koma mfundo yake ndi yomweyo: i3, i5 kapena i7 imakuuza udindo wa purosesa pakati pa anzake a chaka chimodzi, sikuuza zaka zake.

Shopu yachiwiri inali ndi bokosi lalikulu lagalasi m'mbali, mafani owala mitundumitundu, akuti ndi ya magemu. Apa ndiye mnyamata anaima nji. Ndinapempha kuti atsegule. Wogulitsa anayamba wakana, kenako anavomera. M'kati munali ka motherboard kakang'ono ka H61 ka mipata iwiri ya RAM, khadi la GT 730 lomwe silipambana graphics yobwera kale m'mapurosesa a m'badwo wa 8, ndi power supply yopanda dzina yolembedwa mawati 500 koma yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lalikulu limaoneka ngati malo owonjezera, koma mpweya wa m'bokosi suwonjezera kanthu. Chomwe chimalola kapena kukana ndi motherboard ndi power supply.

Pa shopu yachitatu tinaona tating'ono tija tokwana m'chikwama, ta Lenovo Tiny ndi Dell Micro. Mayiwo anatikonda chifukwa tebulo la m'shopu mwawo ndi laling'ono. Ndimatikonda inenso, ndipo kwa munthu wa sola ndimalangiza timeneti, chifukwa mapurosesa ake, aja othera ndi T ngati i5-8500T, ndi a mawati 35 okha. Koma timalandira RAM ya laputopu mipata iwiri yokha, ndipo malo oika graphics card mulibe. Zapakatikati, zotchedwa SFF, zili nawo malowo koma zimangolandira makadi afupiafupi, omwe kuno ndi osowa. Tinkafuna yaitali, ya tower.

Tinaipeza pa shopu yachinayi, ndipo apa ndi pomwe panali mkangano weniweni. Panali Dell OptiPlex 7050 ya i7-7700 ndi OptiPlex 7060 ya i5-8500, mabokosi ofanana ngati mapasa, mitengo yoyandikana. Wogulitsa ndi mnyamata anagwirizana pa i7.

"Bwana, iyi ndi i7, ndipo Windows 11 timaika pa iliyonse," anatero wogulitsa. "Mukadzafuna mudzangosintha purosesa, soketi ndi imodzi."

Zonse ziwiri zinali zoona mwatheka. Windows 11 imalowadi pa m'badwo wa 7 ukazemba malamulo ake, koma Microsoft sikulonjeza kuti kompyuta yotere izilandira zigamba nthawi zonse, ndipo ine sindingasiye bizinesi ya munthu ili makilomita oposa 100 kutali ndi ine pa chinthu chozembetsa. Za soketi, dzina ndi limodzi ndithu, LGA1151, koma m'badwo wa 6 ndi 7 umayendera ma motherboard a chipset ya 100 ndi 200, pamene wa 8 ndi 9 umafuna a 300. Purosesa ya m'badwo wa 8 imakwana bwinobwino mu 7050, koma siyaka. Ndaonapo anthu angapo atagula purosesa kenako n'kumabwera kwa ine akuganiza kuti agulitsidwa yakufa. Kuwonjezera apo, i7-7700 ili ndi ma core 4 pamene i5-8500 ili ndi 6. Ndinatsegula Task Manager pa onse awiri kuti mnyamata awerenge yekha. Anavomera ndi nkhope yolemera.

Kuyeza tisanalipire

Panali ma 7060 atatu. Woyamba ndinaukana pa mphindi imodzi: nditadina F2 kuti ndilowe mu BIOS, momwe mumasinthidwa makonzedwe oyambira a kompyuta, inafunsa pasiwedi ya kampani yomwe inali nayo kunjako, ndipo wogulitsa sankaidziwa. Kompyuta yotere imagwira ntchito, koma tsiku lofuna kusintha kanthu mu BIOS umapeza chitseko chokiya. Wachiwiri unali ndi doko limodzi la USB lothyoka patsogolo, pomwe pamalowa mafulashi a makasitomala tsiku lonse. Wachitatu ndi womwe ndinaupatsa nthawi.

Ndinatsegula m'mbali n'kuwerenga ndi maso anga: mipata inayi ya DDR4, umodzi wokha uli ndi 8GB, ndipo yonse pamodzi imalandira mpaka 64GB. Izi n'zofunika kuyang'ana chifukwa m'bale wake wotchipa, OptiPlex 3060, ali ndi mipata iwiri yokha ngakhale kunja amaoneka chimodzimodzi. Malo a M.2 anali opanda kanthu, malo aatali a PCIe, olowetsamo graphics card, opanda kanthu. Ndinayendetsa zoyezera za Dell zomwe zimapezeka ukadina F12, kenako pulogalamu yoyezera RAM ya MemTest86 kuchokera pa fulashi yanga mzere umodzi wathunthu, wogulitsa akuyang'ana wotchi. RAM inali bwino. CrystalDiskInfo inaonetsa kuti hard disk yayaka maola oposa 30,000, komwe ndi ngati zaka zitatu ndi miyezi isanu osazimitsa ngakhale kamodzi. Inalibe malo owonongeka, koma disiki yotere siikhulupiridwa ndi mafayilo a bizinesi. Nambala imeneyi inatithandiza ponenerera mtengo. Tinapemphanso kuti waranti ya mwezi umodzi ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi Service Tag ya kompyutayo, chifukwa waranti ya pakamwa imatha mukangotuluka pakhomo.

Malire a kompyutayi ndinawanena pomwepo, tisanalipire, kuti pasadzakhale kulozana zala. Power supply yake ndi ya mawati 260, ndipo imalumikizidwa ku motherboard ndi pulagi yaing'ono ya kampaniyo, osati ya mapini 24 yomwe ili pa ma power supply a m'mashopu. HP ndi Lenovo amachitanso zofanana pa makompyuta awo ambiri a muofesi. Ilibenso chingwe chodyetsa graphics card. Khadi lokhalo lomwe lingalowemo ndi lokhutira ndi mawati 75 omwe malo a PCIe amapereka okha: GTX 1050 Ti, GTX 1650 ya mtundu wopanda pulagi, kapena RTX 3050 ya 6GB. RX 6400 imakwananso, koma ilibe gawo lofinyira makanema, choncho kwa wokonza makanema siyothandiza. Zingwe zosinthira kuti uike power supply wamba zilipo, koma sindiziika m'kompyuta yodyetsa banja. Ndinamuuza mnyamatayo kuti iyi sidzakhala ya magemu akuluakulu ngakhale atasunga ndalama zingati, ndipo akadzafika pamenepo adzamanga yake.

Kugawa ndalama

Kompyuta inadya pafupifupi magawo atatu mwa asanu a ndalamayo. Gawo limodzi linapita ku SSD yatsopano ya 512GB ya mtundu wa NVMe, yolowa pa malo a M.2 aja, ndi RAM ina ya 8GB DDR4-2666 yofanana ndi yomwe inalimo. Ndinasankha ziwiri za 8GB m'malo mwa imodzi ya 16GB chifukwa RAM ikayenda iwiriiwiri njira yake imakula, ndipo graphics ya m'purosesa, yomwe ilibe memory yakeyake, imapindula nazo kwambiri. Pa SSD sindinalole yogwiritsidwapo ntchito. Hard disk wamba imawerenga ma megabyte osapitirira 200 pa sekondi, SSD ya SATA pafupifupi 550, ndipo ya NVMe imatha kupitirira 3,000; kusiyana komwe mayiwo akanakumva ndi manja awo kunali pamenepa, osati pa purosesa.

Gawo lotsalalo ndi lomwe tinakanganirana ndi mayiwo. Iwo ankafuna monita yatsopano yaikulu. Ine ndinkafuna UPS, kabokosi ka batire kopitiriza kupatsa kompyuta magetsi akazima.

"Koma achimwene, UPS-yo ikundipangira ndalama yanji?" anafunsa.

Ndinawakumbutsa chomwe chinapha kompyuta yakale. Ndinawonjezera kuti pa 7060 nkhaniyi ndi yolemera kuposa kale, chifukwa power supply yake ikapsa simungolowa m'shopu iliyonse n'kugula ina. Anavomera monyinyirika. Tinagula ya 650VA yokhala ndi AVR, yomwe imawongola magetsi akatsika kapena kukwera, ndipo imapereka mphindi zokwanira kusunga ntchito n'kuzimitsa bwino. Madzulo ake ndinachotsa fumbi, ndinapaka thermal paste yatsopano, ndinasintha kabatire ka CR2032, n'kuika Windows 11 pa SSD. Inazindikira layisensi yake yokha. Hard disk ya maola 30,000 ija ndinaisiyamo ngati nkhokwe yongoyembekezera, ndi chenjezo loti pasakhale fayilo yomwe ili pamenepo pokha.

Zomwe ndinaphonya

Tsiku lotsatira foni inalira cha m'ma 7 koloko m'mawa. Chingwe cha monita sichikulowa paliponse. Monita yawo yakale ndi ya VGA yokha, pamene 7060 yomwe tinagula ili ndi madoko awiri a DisplayPort basi. Ine ndinayezera zonse pa monita ya kuntchito kwanga, ndipo sindinafunse za yawo ngakhale ndi ine ndinawaletsa kugula ina. Ndinagula adaputala ya DisplayPort kupita ku VGA n'kuipereka kwa dalaivala wa minibasi, koma inawapeza madzulo. Tsiku limenelo panabwera pulogalamu ya maliro, ndipo anaitumiza kwa mnzawo wa shopu ina. Cholakwa chinali changa, adaputalayo ndinalipira ndekha.

Chachiwiri chinali sikana yawo yakale, yomwe pulogalamu yoiyendetsa, dalaiva, inali ya Windows ya 32-bit yokha. Windows 11 ilipo ya 64-bit basi. Tinachita mwayi kuti pulinta yawo ili ndi sikana pamwamba, yomwe sankaigwiritsa ntchito chifukwa cha chizolowezi. Chiyambireni apo, munthu akandipempha kuti ndimuperekeze kokagula, ndimamuuza atumize kaye zithunzi za kumbuyo kwa monita, pulinta ndi china chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta yakale.

Chachitatu sichinali changa koma ndikanachiteteza ndi mawu amodzi. Patatha sabata, UPS inayamba kulira n'kuzima nthawi iliyonse akatumiza pepala kukasindikiza. Mnyamata anali atalumikizako pulinta ya laser poganiza kuti akuiteteza. Pulinta ya laser ikamatenthetsa chowotchera inki imakoka magetsi ochuluka kuposa omwe UPS ya 650VA ingapereke. Tinakonza pa foni: pulinta ku khoma kudzera pa chotetezera chake, UPS ya kompyuta ndi monita zokha.

Kalondolondo

Ndinapitako mu Okutobala, nthawi ya kutentha ndi fumbi. Shopuyo yayang'ana msewu, ndipo kompyuta anaiika pansi pa tebulo, pasimenti, pomwe imakoka fumbi lonse la nsapato za makasitomala. Patsogolo pake panali patamatirira fumbi ngati bulangete. Ndinaipemerera, n'kuikweza pa kashelefu, ndipo ndinamuonetsa mnyamata mmene angachitire yekha mwezi ndi mwezi, atazula kaye ku magetsi. CorelDRAW inali itasiya kuuma. Mayiwo anati khadi lomwe kale ankalisiya likutseguka iwo n'kukathandiza kasitomala wina, tsopano limatseguka asanachotse dzanja pa mausi.

Chomwe sindinayembekeze ndi makanema. Ndinkaganiza kuti graphics card ikhala yoyamba kufunika. Koma graphics ya UHD 630 ya mu i5-8500 ili ndi Quick Sync, yomwe payokha imatsegula ndi kufinya makanema a mitundu ya H.264 ndi HEVC, ndipo makanema a 1080p a pa foni ankayenda bwino. Ankadodoma ndi a 4K a kamera yobwereka ija. Ndinamuphunzitsa kupanga timakope topepuka togwirira ntchito, n'kubwezera makanema enieniwo potulutsa pomaliza. Zimatenga nthawi, koma iye amaisiya ikugwira usiku shopu itatsekedwa, magetsi akakhalapo.

Chomwe chinatha msanga ndi malo. Pofika Disembala, nyengo ya zinkhoswe itadutsa, SSD inali itatsala pang'ono kudzaza ndipo hard disk yokalamba ija inali itadzaza ndi makanema omwe analibe kope kwina, zomwe ndinaletsa zija. Ngongole ya banki mkhonde inali itatha, ndiye chowonjezera choyamba chinakhala hard disk yatsopano ya 2TB m'malo mwa yakaleyo, ndipo yakaleyo tinaiika m'kabokosi ka USB kuti izisunga makope. Ntchitoyi inatenga mphindi makumi awiri, ndipo anaigwira mnyamata yekha ine ndikumuuza pa WhatsApp.

Pomwe ndikulemba pano mipata iwiri ya RAM ikadali yopanda kanthu. Mitengo ya RAM inakwera padziko lonse kumapeto kwa 2025, ndipo poti 16GB ikuwakwanira ndawauza adikire. Malo a PCIe nawonso akadali opanda kanthu. Batire la UPS, lija la 12V 7Ah, ndalilemba m'buku langa kuti ndidzaliyeze likamatha chaka chachiwiri, chifukwa kumalo kotentha komanso kozimazima magetsi silikhalitsa. Mnyamata wanditumizira kawiri zithunzi za makadi omwe wawaona akugulitsidwa pa Facebook. Onse awiri anali ndi pulagi ya mapini 6 pamwamba, yofuna chingwe chodyetsa khadi chomwe power supply yawo ilibe, ndipo onse awiri ndinamuuza asagule.